Mpopi Wokhoma ndi Loko

Inu, tamverani kuno. Nkhani iyi ndafotokozerapo anthu asanu ndi awiri, ndipo onse ananditcha wabodza kupatula mmodzi amene anali atagona. Ndiye ngati mumadzitama kuti mutu wanu umalandira zinthu, yesani inuyo. Ine amene mukundionayu, wa nsapato za zingwe zosiyana uyu, ndinatsitsa bilu ya madzi ndi ya magetsi pa nyumba ya lendi mpaka theka. Theka lenileni, osati la ogulitsa pamsika. Mwayamba kale kuseka? Sungani mano, kutsogoloku muwafuna.

Tinkakhala pa mdadada wa zitseko zitatu. Chitseko choyamba chinali cha Aphunzitsi, munthu wosakwatira, wamagalasi, amene akalowa m'bafa amatulukamo dzuwa litasuntha. Chachiwiri chinali cha Atelala, mayi wosoka zovala ndi makina a magetsi, amene amakhala ndi mng'ono wawo. Chachitatu ndife: ine, mayi wa ana anga, ndi ana anayi amene amadya ngati pali wina akuwalipira. Tonsefe mpopi unali umodzi pabwalo, bafa limodzi, chimbudzi chamadzi chimodzi, mita ya madzi imodzi pafupi ndi geti, ndi mita ya magetsi imodzi pakhonde. Kumunsi, kumene bwalo limatsetserekera, ndiye kuli nyumba yaikulu ya mwini malo. Mayi ameneyo tinkawatcha Mayi Mweziwatha, chifukwa ndiwo unali moni wawo. Anthu ena amati mwadzuka bwanji, iwo amati mwezi watha.

Kagawidwe ka bilu kanali ka nzeru zakuya. Madzi timagawana powerenga mitu ya anthu pa chitseko chilichonse. Magetsi timagawana powerenga zinthu zonse zokhala ndi pulagi. Ndiye tsiku lowerenga likafika pamachitika zozizwitsa zimene simungazione ngakhale kumapemphero. Ketulo ya Aphunzitsi imasanduka mphika wa maluwa. Wailesi ya Atelala imapezeka kuti ndi ya kasitomala amene wangoisungitsa. Ayironi yathu imagona pabedi, yofunditsidwa bulangete mpaka m'khosi, mayi wa ana n'kumatiuza kuti tiziyenda pang'onopang'ono mwana angadzuke. Aliyense amadziwa za mnzake, koma wakuba sakuwa kuti wakuba.

Mwezi wina mabilu onse awiri anabwera atakwera kawiri. Mayi Mweziwatha anatiitana tonse pabwalo, mapepala ali m'manja, atawagwira pakona ngati thewera. Anati mabiluwo ali m'dzina lawo, ndipo a kampani awachenjeza kale kuti adzadula. Aphunzitsi anati iwo ndi mutu umodzi wokha, sangamwe mtsinje. Atelala anati makina awo amadya magetsi ngati kamwana ka mpheta. Kenako maso onse anatembenukira kwa ine, ngati kuti ana anayi aja ndinawagula pa sitolo mwadala.

"Ine nthawi yofufuza ndilibe," anatero Mayi Mweziwatha. "Mwezi uno ukatha bilu isanatsike, chitseko cha mitu yambiri chituluke. Ofuna nyumba ali pamzere."

Madzulo ake mayi wa ana sanakalipe, ndipo ndi pamene ndinachita mantha, chifukwa mkazi wanga akamakalipa ndiye kuti zinthu zidakali bwino. Anangondikumbutsa kuti chikwatiranireni tasamuka kanayi, ndipo kanayi konseko chifukwa cha nzeru zanga. Anatchula za nkhuku zimene ndinaweta kudenga kwa nyumba ya eni ake. Anatchula za njinga ya mwini nyumba wina imene ndinaibwereketsa kwa munthu amene mpaka lero akupalasabe. Anati nyumba iyi ndiyo yokhayo imene ili pafupi ndi sukulu ya ana komanso msika umene iye amagulitsako ndiwo zamasamba.

"Bambo a ana," anatero akupinda zovala, osandiyang'ana, "tikatulutsidwa muno, katundu wanu mudzakweze pa wilibala yakeyake. Ikadzakhotera kumanja, yanga idzakhotera kumanzere."

Mwamva nokha. Panalibenso zocheza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye m'mawa mwake ndinapita kwa Mayi Mweziwatha kukadzipereka kuti ndikhale woyang'anira mamita. Ndinawauza kuti za magetsi ndimazidziwa kuyambira ku mizu. Sikunali kunama kwenikweni. Ndinagwirapo makwerero kwa masabata awiri pamene munthu wina amamanga mawaya, ndipo munthuyo anagwa kamodzi kokha. Sukulu, inde, ndinalekeza kalasi yachinayi, koma osati chifukwa cha umbuli. Ine ndi mphunzitsi wamkulu tinangogwirizana kuti zotsalazo ndikamalizira panjira. Mayi Mweziwatha anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti popeza khosi lake ndi langa, ndisankhe ndekha chingwe. Kuyambira tsiku limenelo mdadada wonse unayamba kunditcha Ainjiniya. Ndikudziwa kuti amanyoza, koma dzina ndi dzina, ndinalilandira ndi manja awiri.

Aphunzitsi anabwera ndi pepala limene analitenga ku ofesi yolipirira mabilu. Anandiwerengera mokweza, poganiza kuti zilembo ndi ine sitipatsana moni. Pepalalo limati muzithimitsa magetsi m'chipinda mopanda munthu, mugule mababu osadya magetsi ambiri, muzizula pulagi ya chinthu chimene simukugwiritsa ntchito, muzisambira m'ndowa, muike botolo lodzaza madzi mu thanki ya chimbudzi kuti izitaya ochepa, ndiponso tsiku lina mutseke mipopi yonse n'kuona ngati mita ikuzungulirabe, chifukwa ikamazungulira ndiye kuti penapake pakudontha. Ndinawathokoza kwambiri. Ndinawauza kuti malangizowo ndi abwino kwa anthu oyamba kumene. Pepalalo ndinalipinda kanayi n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo lathu umene umagwedera, ndipo kunena zoona linagwira ntchito tsiku lomwelo.

Ndinayambira magetsi. Ndinaganiza kuti kuthimitsa babu limodzilimodzi ndi ntchito ya munthu wopanda masomphenya. Bwanji osathimitsa pa swichi yaikulu? Lamulo langa loyamba linali loti ana akangopita kusukulu ndimagwetsa swichi, ndipo ndimaidzutsa dzuwa likalowa. Masana kuli dzuwa, ndipo dzuwa silitumiza bilu.

Tsiku loyamba lomwelo makina a Atelala anaima pakati pa msoko. Anatuluka ndi nsalu ili paphewa, mapini ali pakamwa, n'kundiuza kudzera m'mapinimo kuti ali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi ofunika Loweruka. Ndinawafotokozera kuti makina aliwonse ali ndi kagudumu kam'mbali, ndipo agogo athu amasoka ndi kagudumu kameneko dziko lisanadziwe waya. Anati ngati ndi choncho agogowo ndikhale ine. Ndiye injiniya wamkulu wa mdadada anakhala pa kampando masana onse akupukusa kagudumu, thukuta lili kamukamu, Atelala akungolamula kuti fulumirani, imani, mukugona kodi. Dzanja litatopa ndinasintha n'kuyamba kupukusa ndi lamanzere, osadziwa kuti lamanzere limapita chobwerera. Ulusi unamangana pansi ngati chisa cha mbalame, singano inathyoka, ndipo diresi limodzi linatuluka ndi mkono wotseka kumapeto. Ndinawauza kuti mtsikana wovala diresi limenelo sadzamva kuzizira ku zala. Sanaseke. Anthu ena mphatso ya nthabwala sanapatsidwe.

Aphunzitsi nawo anali atagula nyama ya mwezi wathunthu n'kuisunga mu filiji. Pofika tsiku lachitatu filijiyo inayamba kulira misozi yofiira pansi pa chitseko, ndipo ntchentche za dera lonse zinaitanizana msonkhano pawindo lawo. Anabwera atanyamula beseni la nyama ngati akupita kukaika maliro. Ndinawalangiza mwaukatswiri kuti nyama ikafika pamenepo mankhwala ake ndi moto, iphikidwe yonse lero. Anafunsa kuti munthu mmodzi adya bwanji nyama ya mwezi. Ndinawakumbutsa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ana anga anagwira ntchito imeneyo modzipereka kwambiri, mpaka wamng'ono anafunsa ngati mawa tizimitsenso. Aphunzitsi anayesa kundiuza kuti filiji yozimitsidwa tsiku lonse ikayatsidwa imalimbana usiku wonse kuti izizirenso, ndiye palibe chimene tikupulumutsa. Ndinawayankha kuti maganizo amenewo akawalembe pa bolodi.

Za mababu ndingonena mwachidule. Ndinasonkhetsa ndalama zitseko zonse kuti ndikagule osadya magetsi aja. Ku sitolo mtengo wake unandipweteka m'chiuno, ndiye ndinapita kwa munthu wina wogulitsa pansi kuseri kwa msika, amene analumbira kuti ake sadya magetsi ngakhale pang'ono. Munthuyo sananame. Kuti uone ngati babu layaka umayenera kuyatsa machesi. Mwana wanga wamkulu analemba homuweki yonse m'buku la nyimbo la mayi ake. Chenji cha mababuwo musandifunse, chinapita ku ntchito zina za chitukuko.

Kenako ndinatembenukira ku madzi. Ndinabwereka wenzulo n'kumaima pakhomo la bafa. Munthu akalowa ndimawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, n'kuimba wenzuloyo. Aphunzitsi anatuluka kawiri ndi sopo m'makutu, ndipo mng'ono wa Atelala anandiuza mawu ena amene sindingawabwereze pano chifukwa ena mwa inu mumaoneka opemphera.

Ndiye panali nkhani ya botolo la mu thanki ya chimbudzi. Ndinaganiza motere: ngati botolo limapulumutsa madzi pang'ono, njerwa ipulumutsa ambiri, ndipo njerwa ziwiri ndiye basi a kampani adzayamba kutilipira ifeyo. Ndinakatola njerwa ziwiri pamalo ena pamene amamanga mpanda. Sindinadziwe kuti zinali zosapsa bwino. Inu, njerwa yosapsa ikalowa m'madzi imakumbukira kwawo. M'mawa mwake Aphunzitsi analowa m'chimbudzi, anagujumula, n'kutuluka nkhope itagwa, magalasi ali m'manja. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akuganiza kuti matumbo awo aphulika, chifukwa zimene aona mmenemo ndi zofiira ngati dothi. Ndinawagwira paphewa n'kuwauza kuti mwina ndi nyama ija. Anapita kuchipatala, anakhala pamzere tsiku lonse, anapimidwa paliponse, n'kubwerako ndi uthenga woti ali bwinobwino. Pofika nthawi imeneyo matope anali atalowa m'zitsulo za mu thanki, madzi akungoyenda osaima, kuimba kanyimbo usana wonse. Ndinachotsa matopewo ndi supuni, n'kuuza anthu kuti ndimatsuka thanki monga mwa ndondomeko.

Apa munthu wamba akanagwa ulesi. Ine ndinaona kuti vuto si njerwa, vuto ndi anthu. Munthu ukamusiyira mpopi amauyesa m'bale wake. Ndiye ndinapita kwa mnzanga wina wowotcherera zitsulo, amene tinadziwana kalekale pa nkhani ina ya mageti imene apolisi anaimvetsa molakwika. Ndinamuuza kuti andipangire bokosi lachitsulo lovindikira mpopi, lokhala ndi kachitseko ndi loko, ndi kampata pansi. Anapanganso khola lina laling'ono lotsekera mita pamodzi ndi chotsekera madzi chachikulu chimene chili pambali pake, kuti wina asamakaseweretse. Mnzangayo ntchito zake zambiri zimagwa ndi mphepo, koma bokosi limenelo analipanga ndi mtima wake wonse, kuchokera ku chitseko cha lole yakale. Makiyi onse awiri ndinawamanga pa chingwe n'kuvala m'khosi. Madzi amatsegulidwa m'mawa ndi madzulo, ine ndili pomwepo, ndowa zili pamzere. Kwa masiku anayi mita imayenda ngati nkhalamba. Ndimayenda pabwalo makiyi akulira pachifuwa, ndipo ndinayamba kuganiza zokatsegula ofesi m'tauni. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka m'mawa madzi anali atasiya, monga amachitira nthawi zina. Ndinatsegula bokosi, mayi wa ana anapotokola mpopi mpaka kumapeto, koma munangotuluka mpweya ngati munthu wausa moyo. Ndiye anachita zimene mayi aliyense wa pa lendi amachita: anausiya chotsegula n'kuikapo ndowa, kuti madzi akabwera amve kulira kwake. Iye n'kulowa m'nyumba kukakonzeka za kumsika. Ine ndinali ndi ulendo ndi mnzanga wowotcherera uja, wopita kutsidya lina la tauni kukaona zitsulo zakale zimene munthu wina amagulitsa. Ndinafika pa mpopi, ndinayang'ana, palibe ngakhale dontho. Nzeru zanga za uinjiniya zinandiuza kuti mpopi wosatulutsa madzi ndi wotseka. Ndinasuntha ndowa, ndinatseka bokosi, loko n'kuti khetye, makiyi m'khosi, ulendo. Foni yanga inali yozima, chifukwa lamulo langa lachisanu limati foni izitchajidwa kwa anzako.

Zimene zinachitika kumbuyoku ndinachita kuuzidwa, ndipo ondiuza anali ambiri, aliyense ndi mawu ake okometsera. Akuti madzi anabwera cha m'ma teni, ndi mphamvu ya munthu amene wakhala akudikira kulankhula. Anatulukira pa kampata kapansi kaja ngati mchira wa hatchi. Atelala anathamanga ndi ndowa, inadzaza. Anabweretsa mabeseni, mapoto, ketulo ija inasiya kukhala mphika wa maluwa. Anatuma mwana kukaitana mayi wa ana kumsika. Anachapa mabulangete onse a mdadada, makatani, ngakhale zovala zochapa kale. Ana anga anasamba kawirikawiri, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya banja lathu. Madzi osaleka. Aphunzitsi anamenya loko ndi hamala mpaka hamala inaguluka mutu. Anabwereka sowo yodulira zitsulo, inatha mano. Anathamangira ku mita kuti akatseke chotsekera chachikulu, n'kupeza khola langa lachiwiri likuwamwetulira. Anaimbira a kampani, iwo anati abwera Lolemba. Anakafuna wowotcherera wa m'deralo, anauzidwa kuti wapita kutsidya la tauni ndi munthu wina wovala makiyi m'khosi.

Ndipo madzi, monga mukudziwa, sakwera phiri. Anatsetsereka bwalo lonse mwaulemu, n'kukafika pa chitseko cha Mayi Mweziwatha, amene anali atakhoma n'kupita kukaona mlongo wawo wodwala. Pansi pa chitsekocho panali kampata kolowa chala. Madzi sanafune zambiri.

Ine ndinatsika basi dzuwa litapendeka, nditadya bwino, pakhosi nditanyowetsako pang'ono. Ndikuyenda ndinaona kamtsinje kakuyenda m'mbali mwa msewu, ana akuyendetsamo timabwato ta mapepala. Ndinaima n'kupukusa mutu. Ndinauza mayi wina wogulitsa nthochi kuti taonani mmene mbuli zimatayira chuma, pa mdadada wathu zoterezi sizingachitike chifukwa pali munthu woyang'anira. Mayiyo anandiyang'ana pachifuwa pamene pamalendewera makiyi, n'kunena kuti ndifulumire, akundidikira. Ndinatsatira kamtsinje kaja ndi mtima wofuna kukalangiza eni ake. Kanakhota pamene ndimakhotera. Kanakhotanso pamene ndimakhoteranso. Kanakalowa pa geti lathu.

Pabwalo panali anthu ngati pagwa ndege. Zingwe zonse zinali zodzaza zochapa. Mayi Mweziwatha anali atangofika kumene n'kutsegula chitseko chawo, ndipo masilipasi awo anatuluka okha kudzawalonjera, akuyandama limodzi ngati banja logwirizana. Kapeti yawo yatsopano, imene ngakhale abusa amavula nsapato asanaiponde, inali pansi pa madzi ofika m'kakolo. Thumba la shuga limene linali pakona linali litasanduka chikumbutso. Anaima pakhonde opanda nsapato, atakwinya siketi m'manja, ndipo sanakuwe.

"Ainjiniya," anatero mofatsa, "tabwerekeniko makiyi."

Ndinatsegula bokosi, ndinapotokola mpopi, madzi anasiya kutuluka. Ndinayesa kufotokoza kuti tikayang'ana mbali ina, pansi pa nyumba yawo sipanayerepo chonchi. Ndinawonjezera kuti akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndiye tingoyang'ana kutsogolo. Mayi Mweziwatha anati kutsogolo kwake ndi mawa m'mawa, ndipo sadikiranso kutha kwa mwezi. Chitseko chachitatu chituluke.

Pamenepo mayi wa ana anabwera kutsogolo, manja atatuwa ndi sopo wa tsiku lonse. Ine ndinaganiza kuti akudzandiikira kumbuyo, ndipo ndinakonza nkhope yoyenera munthu amene akuyamikiridwa.

"Mayi," anatero, "munati vuto ndi mitu yambiri. Pa chitseko chathu ilipo isanu ndi umodzi, sindikana. Koma inayi ndi ya ana a sukulu, wachisanu ndi wanga, ndipo palibe mwa imeneyi umene unaika njerwa m'chimbudzi kapena kukhoma mpopi. Bwanji tichotse umodzi wotsalawo, muone mwezi umodzi?"

Inu, ndakhalapo pa milandu yambiri, koma sindinaonepo chigamulo chogwirizana msanga chonchi. Aphunzitsi anati akuvomereza. Atelala anati akuvomereza kawiri, kamodzi m'malo mwa mtsikana wa mkono wotseka uja. Mayi Mweziwatha anaganiza pang'ono, akuyang'ana masilipasi awo amene anali atafika pa geti, n'kunena kuti zili bwino. Mayi ndi ana akhale. Ainjiniya azioneka Lamlungu lokha, masana, manja ali m'thumba, osakhudza chilichonse chokhala ndi waya kapena paipi. Za kapeti ndi bilu ya tsiku limenelo ndizikazilipira ndi maganyu mpaka tsitsi litayera.

M'mawa mwake ndinalongedza kachikwama kanga. Ndinaima pakati pa bwalo n'kulankhula mawu otsanzika, kuwakumbutsa kuti mneneri salemekezedwa pa mdadada wake. Mayi wa ana analephera kupirira. Anagwa pansi, anandigwira mwendo, misozi ili mbwembwembwe, akuti bambo a ana ndikhululukireni, nyumba yopanda inu ndi chisa chopanda mbalame. Ndinamudzutsa, ndinamupukuta misozi, ndinamuuza kuti mwamuna amadzipereka chifukwa cha ana ake. Ndinatuluka pa geti osacheuka. Tsopano ndimagona kuseri kwa shedi ya mnzanga wowotcherera uja, pakati pa mageti awiri osatha, ndipo bilu ya magetsi kumeneko sindiidziwa chifukwa waya wake amachokera kumene sindinafunse.

Kumdadada kuja, mayi wa ana anasolola pepala la Aphunzitsi pansi pa mwendo wa tebulo, n'kuliwongola ndi ayironi. Anatseka mipopi yonse n'kukaima pa mita, ndipo akuti imazungulirabe yokha, mwakachetechete, ngati mfiti. Anaitana pulambala wokonza mipopi, amene anapeza kuti kalabala ka mu thanki ya chimbudzi kanatha kalekale, njerwa zanga zisanabadwe n'komwe, ndipo ndi kamene kamamwa madzi miyezi yonseyi. Kalabala kotchipa kuposa mkate. Anagula mababu enieni a ku sitolo, aliyense anayamba kuthimitsa akamatuluka m'chipinda, Aphunzitsi anaphunzira kusambira m'ndowa, ayironi inasiya kugona pabedi ndipo amasita kamodzi pa sabata zovala zonse pamodzi. Mwezi wotsatira mabilu onse awiri anatsika mpaka theka. Mayi Mweziwatha akuti anamwetulira, ngakhale palibe mboni yachiwiri.

Ndiye ndikufunseni inuyo, anthu ophunzira: anawachititsa kuti awerenge pepala lija ndani? Akanapanda kuona zoopsa, akanalisolola pansi pa tebulo? Ndinalonjeza kuti bilu itsika, ndipo inatsika. Ndinalonjeza kuti ana anga satuluka m'nyumba, ndipo ali momwemo. Madokotala ena amachiritsa ndi mankhwala, ena amachiritsa pongochoka m'chipinda.

Tsopano poti mwandipirira mpaka pano, ndikuuzeni chilungamo, chifukwa ngakhale wabodza amafuna tchuthi. Zonse mwamvazi zinachitika, ndipo amene akukayika apite akaone kapeti, idakali pa mpanda. Chimene ndawonjezera ndi misozi ija basi. Mayi wa ana sanagwe pansi, sanandigwire mwendo, ndipo za chisa ndi mbalame ndazipeka pompano. Anandiperekeza mpaka pa geti, zimenezo n'zoona. Anandikonzera kolala ya malaya, anandiyang'ana m'maso, n'kunena motsitsa mawu ngati mmene amalankhulira tili pa chibwenzi:

"Lamlungu muzibwera mutasamba kale."